Apolishi: Zimene Amawanena ndi Zimene Zili Zoona

Apolishi, eni dziko la Poland, ndi mtundu umene anzawo a ku Ulaya ndi ku America sasowa chowanena. Akangotchulidwa Mpolishi, ambiri amakhala atamujambula kale m'mutu: munthu wa botolo la mowa waukali, wosajomba kutchalitchi, wolimbikira ntchito zamanja pa malipiro ochepa, wa nkhope ya tsinya, ndipo kwa ena, wopepera. Zina mwa zonenazi zili ndi kachoonadi, zina zinali zoona kale koma zinaguga, pamene zina ndi mabodza amene adani anachita kukhalira pansi kupeka pa nthawi ya nkhondo. Pafupifupi chilichonse chili ndi nyengo imene chinabadwa ndiponso amene anachiyambitsa, ndipo kawirikawiri woyambitsayo sakhala Mpolishi.

Gwero lake lili m'mbiri ya dzikolo. Poland lero ili ndi anthu pafupifupi 38 miliyoni, ndipo likulu lake ndi Warsaw. Ndi dziko lathyathyathya, lopanda mapiri otchinga adani kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo linapezeka pakati pa njovu ziwiri, Ajeremani uku, Arasha uku. Mu 1772, mu 1793 ndi mu 1795, maufumu a Russia, Prussia ndi Austria anagawana dzikolo mpaka linafufutika pa mapu. Linadzabwereranso mu Novembala 1918, patatha zaka 123. Zaka zimenezo n'zimene nyuzipepala ndi mabuku a sukulu zinachuluka ku Ulaya, ndipo amene ankalemba za Apolishi anali owalamulira awo omwe. Wolanda munda wa mnzake amafuna chifukwa chomveka, ndipo chapafupi n'chakuti mwini mundayo anali waulesi kapena chidakwa. M'Chijeremani muli mawu akuti polnische Wirtschaft, kutanthauza kayendetsedwe ka zinthu ka Chipolishi, amene kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ankaimira chisokonezo, uve ndi kusakaza chuma. Mawuwa anagwira bwino ntchito yawo, pakuti ankachititsa kuti kugawana dziko la eni kuoneke ngati kulithandiza.

Za kupepera

Nthabwala zonyoza Apolishi kuti ndi mbuli zinakulira ku America. Kuyambira cha m'ma 1870 kufika 1914, Apolishi oposa miliyoni imodzi anawoloka nyanja kukasaka ntchito. Ambiri anali alimi osauka a kumidzi, ena osadziwa kulemba, pakuti m'zigawo zolamulidwa ndi Russia sukulu zinali zochepa ndipo zinkaphunzitsa m'Chirasha. Anakalowa m'migodi ya malasha ya ku Pennsylvania, m'mafakitale a zitsulo ndi m'nyumba zophera nyama za ku Chicago. Munthu wosamva chilankhulo cha kapitawo amaoneka wopepera ngakhale akhale wanzeru chotani. Akamutuma fosholo iye n'kubwera ndi ndowa, anzake amafa nacho chikhakhali, ndipo pofika madzulo nkhani yafika kale kumalo omwera. Nthabwala zomwezo zinanenedwapo za anthu a ku Ireland ndi a ku Italy, kungosintha dzina. Za Apolishi zinakhalitsa, mpaka zinakwera pa wailesi yakanema m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Bodza lalikulu pa nkhaniyi ndi la mahatchi. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amakhulupirira kuti mu Seputembala 1939 asilikali a Poland okwera pamahatchi anathamangira akasinja a Ajeremani atanyamula mikondo ndi malupanga. Zimene zinachitika n'zina. Madzulo a pa 1 Seputembala, tsiku loyamba la nkhondo, pafupi ndi mudzi wa Krojanty, gulu la apamahatchi linapeza asilikali oyenda pansi a Ajeremani akupuma pamtetete m'mbali mwa nkhalango, n'kuwathira nkhondo mowadzidzimutsa mpaka anamwazikana. Kenaka kunatulukira magalimoto ankhondo okhala ndi mfuti zachiwaya, ndipo apamahatchi ena anaphedwa pamodzi ndi mtsogoleri wawo, Kazimierz Mastalerz. Atolankhani atabweretsedwa pamalopo, akasinja anali atafika kale, ndipo chimene anaona ndi mitembo ya anthu ndi ya mahatchi pambali pa akasinjawo. Nkhani inalembedwa motero. Boma la Nazi la ku Germany linaikonda chifukwa inkasonyeza Apolishi ngati anthu otsalira, ndipo boma la chikomyunizimu limene linabwera nkhondo itatha linaikondanso chifukwa inkanyazitsa akuluakulu a asilikali a boma lakale. Zoona zake n'zakuti apamahatchi a Poland anali ndi mfuti zoboola akasinja, ndipo nthawi zambiri hatchi inali yongoyendera. Pomenya nkhondo ankatsika. Nawonso Ajeremani analowa m'dzikolo ndi mahatchi zikwizikwi okoka katundu ndi mizinga.

Pamene nkhani ya mahatchiyo inkafala, Britain inali itangolandira mphatso yaikulu kuchokera kwa anthu onyozedwawo. Mu Disembala 1932 katswiri wa masamu wa zaka 27, Marian Rejewski, anatulukira pogwiritsa ntchito masamu mmene makina obisira mauthenga a asilikali a Germany, otchedwa Enigma, analumikizidwira m'kati. Iye ndi anzake awiri, Jerzy Różycki ndi Henryk Zygalski, anawerenga zinsinsi za Ajeremani kwa zaka zingapo, ndipo mu Julayi 1939 zonse anazipereka kwa Angelezi ndi Afalansa. Ntchito yotchuka ya Angelezi yomasulira zinsinsi za Ajeremani ku Bletchley Park inamangidwa pa maziko amenewo.

Apolishi akanyozedwa amakonda kutchula Mikołaj Kopernik wa ku Toruń, amene buku lake la mu 1543 linaphunzitsa kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa, ndi Maria Skłodowska-Curie wobadwira ku Warsaw, amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911. Yankho limeneli ndi loona koma lofooka, pakuti palibe mtundu wopanda anzeru ake awiri atatu. Umboni wolemera uli m'makalasi wamba: pa mayeso a PISA, amene amayerekeza ana a zaka 15 a mayiko ambiri, ana a ku Poland akhala akukhoza kuposa mlingo wapakati wa mayiko olemera pa masamu, kuwerenga ndi sayansi.

Pali kusokoneza kwina kosafuna mawu ambiri. Apolishi si Arasha, ndipo kumufunsa Mpolishi ngati kwawo amalankhula Chirasha ndi njira yachidule yomukhumudwitsira. Chipolishi chimalembedwa ndi zilembo za Chilatini, 32 zonse pamodzi, ndipo abale ake apafupi ndi zilankhulo za ku Czechia ndi Slovakia. Poland sinakhalepo chigawo cha Soviet Union, ngakhale kuti kuyambira nkhondo itatha mpaka 1989 boma lake linkavina ng'oma ya ku Moscow. Ena amaganizanso kuti kumazizira chaka chonse. Kumazizira ndithu mu Januwale, koma mu Julayi kutentha kumafika madigiri 30, ndipo magombe a nyanja ya Baltic amadzaza osambira.

Za mowa

Afalansa ali ndi chining'a cha "kuledzera ngati Mpolishi", ndipo apa pali choonadi chochulukirapo. Mowa umene umatchulidwa ndi vodika, kachasu wa kufakitale woyera ngati madzi, wotchezedwa kuchokera ku mbewu za mtundu wa tirigu kapena mbatatesi. Dzina lake m'Chipolishi, wódka, likuchokera ku woda, madzi, ndipo lili ngati kunena kuti timadzi.

Mmene timadzi timeneti tinalowerera m'midzi ndi nkhani yosadziwika kwa ambiri oseka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1500, eni minda ikuluikulu anali ndi ufulu wotchedwa propinacja: iwo okha ndiwo ankaloledwa kutcheza ndi kugulitsa mowa pa malo awo. Alimi okhala pa malowo, amene ankagwira thangata masiku angapo pa sabata, sankaloledwa kukagula mowa kwina. M'madera ena ankachita kukakamizidwa kugula mlingo woikika, amwe asamwe, ndipo ena ankalipidwa mowa m'malo mwa ndalama. Mbewu zikatsika mtengo pa msika wakunja, mwini munda ankazisandutsa vodika n'kugulitsa kwa anthu omwe anazilima. Kutcheza kuchokera ku mbatatesi kutafala m'zaka za m'ma 1800, mowa unatchipa kwambiri, ndipo uchidakwa unasanduka mliri wa kumidzi. M'zigawo zina ufulu wa eni mindawo unadzatha chakumapeto kwa zaka zomwezo.

Nthawi ya chikomyunizimu boma ndilo linatenga malo a mwini munda. Mafakitale a mowa anali a boma, ndipo botolo la theka la lita linasanduka ndalama yachiwiri. Wofuna thumba la simenti, kapena mmisiri woti abwere lero osati mwezi wamawa, ankadziwa chonyamula. Vuto litakula, lamulo la mu 1982 linaletsa kugulitsa mowa nthawi isanakwane 1 koloko masana.

Lero zinthu zinasintha mbali ina. Mowa umene Apolishi amamwa kwambiri ndi biya, ndipo vodika anatsalira makamaka ku maukwati ndi ku zikondwerero, kumene botolo limakhala pa tebulo lililonse. Amamwera m'timatambula ting'onoting'ono, onse nthawi imodzi, wina atanena kuti na zdrowie, kufunirana thanzi, kenaka n'kutsitsira ndi nkhaka yoviikidwa m'madzi a mchere kapena kachidutswa ka nsomba. Ziwerengero za bungwe loona zaumoyo padziko lonse zimasonyeza kuti munthu wamkulu wa ku Poland amamwa malita pakati pa 11 ndi 12 a mowa weniweni wosasungunula pa chaka. Ndi wambiri, koma sasiyana kwenikweni ndi wa ku Germany kapena ku France komwe kunachokera chining'a chija, ndipo Czechia ndi Latvia zili pamwamba. Malamulo nawo ndi okhwima: kumwera mowa mumsewu n'koletsedwa, ndipo mlingo wololedwa m'magazi a dalaivala ndi wotsika kanayi poyerekeza ndi wa ku England. Komabe vuto lilipo, makamaka pakati pa amuna. Timabotolo ting'onoting'ono ta vodika, totchedwa małpki, ndiko kuti tianyani, timagulidwa ngakhale m'mawa anthu akupita kuntchito, ndipo mzinda wa Kraków unafika poletsa masitolo kugulitsa mowa usiku mu 2023.

Za tchalitchi

Kuti Apolishi ndi Akatolika olimba n'zoona, koma mawuwa akuyamba kuperewera. Chikhristu chinalowa mu 966 pamene wolamulira Mieszko I anabatizidwa, ndipo Apolishi amawerengera chiyambi cha dziko lawo pa chaka chimenecho. Dziko litagawidwa, olamulira awiri mwa atatu anali a mipingo ina, Arasha a Orthodox ndipo a ku Prussia Achipulotesitanti, kotero kukhala Mkatolika ndi kukhala Mpolishi zinalukana. Nthawi ya chikomyunizimu zinalinso chimodzimodzi: tchalitchi chinali malo okhawo aakulu amene chipani cholamula chinalephera kuwameza. Karol Wojtyła wa ku Wadowice atasankhidwa kukhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu Okutobala 1978, n'kubwera kudzacheza kwawo mu Juni 1979, anthu miyandamiyanda anasonkhana n'kudzionera okha kuchuluka kwawo. Patangotha chaka chimodzi kunabadwa bungwe la apantchito la Solidarność. Papa yemweyo ndi amene anafika ku Zambia ndi ku Malawi mu Meyi 1989, ndipo ku Zambia ambiri anayamba kumudziwa Mpolishi ngati wansembe: Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, ndiye anali arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mpaka lero mwezi wa Ogasiti magulu a anthu amayenda wapansi kuchokera ku Warsaw, mtunda woposa makilomita 200, kupita ku Jasna Góra mumzinda wa Częstochowa, kumene kuli chithunzi cha Amayi Maria cha nkhope yakuda chokhala ndi zipsera patsaya.

Koma kalembera wa mu 2011 anapeza Akatolika pafupifupi 88 pa anthu 100 alionse, pamene wa mu 2021 anapeza 71. Mpingo wokha umawerenga anthu obwera ku Misa Lamulungu limodzi chaka chilichonse. M'zaka za m'ma 1980 ankabwera pafupifupi theka la oyenera kubwera. M'zaka zaposachedwa ndi atatu okha mwa khumi. Kusiyana kwa zigawo n'kwakukulu: mu dayosizi ya Tarnów kumwera amabwera oposa theka, pamene cha ku Szczecin kumpoto chakumadzulo safika awiri mwa khumi. Achinyamata ndiwo akuchoka msanga. Nkhani za ansembe ogwirira ana zitaululika, ndiponso khoti litakhwimitsa lamulo loletsa kuchotsa mimba mu Okutobala 2020, anthu zikwi mazanamazana anatuluka m'misewu, ndipo mkwiyo wawo wina unalunjika kwa maepiskopi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti Poland ya mtundu umodzi ndi mpingo umodzi ndi yatsopano. Isanafike 1939, munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikolo sanali wa fuko la Chipolishi. Munali anthu a mitundu ya ku Ukraine ndi Belarus, Ajeremani, ndi Ayuda oposa 3 miliyoni. Mu 1573, pamene Akhristu ankaphana ku France chifukwa cha mipingo, olemekezeka a ku Poland anasainirana pangano ku Warsaw lakuti asadzaphane chifukwa cha chipembedzo. M'midzi ya Kruszyniany ndi Bohoniki mukadali mizikiti yamatabwa ya Asilamu a mtundu wa Tatar amene anakhazikika kumeneko zaka mazana apitawo. Kufanana kwa lero kunabwera ndi kuphedwa kwa Ayuda, kusunthidwa kwa malire ndi kusamutsidwa kwa anthu nkhondo itatha.

Za pulambala

Pa 1 Meyi 2004 Poland inalowa m'bungwe la European Union, pa nthawi imene munthu mmodzi mwa asanu alionse ofuna ntchito anali lova. Mayiko ambiri akale m'bungwelo anayamba atseka zitseko, koma Britain, Ireland ndi Sweden anatsegula tsiku lomwelo. Kafukufuku amene boma la Britain linadalira ankayembekezera anthu osaposa 13,000 pa chaka kuchokera ku mayiko onse atsopanowo. Anabwera mazana a zikwi. Pofika kalembera wa mu 2011, Chipolishi chinali chilankhulo chachiwiri ku England, ndipo wa mu 2021 anapeza anthu pafupifupi 743,000 obadwira ku Poland akukhala ku England ndi Wales. Amalawi ndi anzawo a ku Zimbabwe amene amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'nyumba zosungira katundu kumeneko amawadziwa bwino, ndipo chikwangwani cha Polski sklep, sitolo ya Chipolishi, amachiona m'tauni iliyonse.

Dzina lakuti "pulambala wa ku Poland" linatchukira ku France mu 2005, pa kampeni ya riferendamu ya malamulo a European Union. Andale ena ankaopseza anthu kuti amisiri otchipa a kum'mawa adzalanda ntchito za Afalansa, ngakhale kuti pa nthawiyo France inali isanawatsegulire n'komwe zitseko. Bungwe la Poland lokopa alendo linayankha mwanthabwala ndi chithunzi cha mnyamata wooneka bwino atanyamula zida za mipope, akuuza Afalansa kuti iye akutsala kwawo, iwo ndiwo abwere kudzacheza.

Mbali ya kulimbikira ndi yoona. Ziwerengero za ku Ulaya zimaika Apolishi m'gulu la anthu ogwira ntchito maola ambiri pa sabata. Chimene chithunzi cha pulambala chimabisa n'chakuti ambiri mwa opita kunjawo anali ophunzira: mphunzitsi wothyola zipatso, wa digiri wotsuka mbale, chifukwa mbalezo zinkalipira kuposa kalasi ya kwawo. Chimabisanso amene anafika kale. Oyendetsa ndege za nkhondo 145 a ku Poland anamenya nawo nkhondo ya mumlengalenga yoteteza Britain mu 1940, ndipo gulu lawo la nambala 303 linali m'gulu la amene anagwetsa ndege zambiri za adani.

Ku Germany kunali chithunzi china, cha Mpolishi wakuba magalimoto. Malire atatseguka m'zaka za m'ma 1990 kunalidi magulu a mbava amene ankawolotsa magalimoto kupita kum'mawa, ndipo monga mwa nthawi zonse, ikaola imodzi zaola zonse. Umbavawo unachepa kalekale, koma nthabwala zinatsala.

Chithunzi cha Poland yosauka ndicho chinaguga kuposa zonse. Mu 2009, chuma cha mayiko ena onse a European Union chitalowa pansi, cha Poland chokha ndicho chinakwera. Ulova tsopano uli pafupi ndi atatu pa 100, umodzi mwa yotsikitsitsa m'bungwelo. Dzikolo limatsogola ku European Union pa ulimi wa maapozi ndi nkhuku, limapanga mipando ndi zida za magalimoto zogulitsa kunja, ndipo masewera a pakompyuta a The Witcher anapangidwira ku Warsaw. Britain itavota kutuluka m'bungwelo mu 2016, Apolishi ambiri anabwerera kwawo. Womanga nyumba ku Warsaw lero akhoza kukhala wa ku Ukraine, ndipo wobweretsa chakudya pa njinga wa ku India kapena ku Nepal.

Za tsinya ndi mlendo

Mlendo wofika ku Warsaw amaona msanga kuti m'basi ndi m'sitolo anthu samwetulirana. Izi n'zoona, koma tanthauzo lake si udani. Kwa Mpolishi kumwetulira kumafuna chifukwa, ndipo wosekerera munthu wosamudziwa amaoneka ngati ali ndi kampeni kumphasa kapena mutu wake sukuyenda bwino. Ulemu wawo uli m'mawu. Munthu wosazolowerana naye amatchedwa pan, bambo, kapena pani, mayi, ndipo kumuitana ndi ty, iwe, asanalole yekha ndi chipongwe, monga mmene zilili kwa aliyense wodziwa kusiyana kwa iwe ndi inu. Wamkulu ndiye amayamba kunena kuti tsopano tizitchulana maina.

Funso lakuti zikuyenda bwanji amalitenga ngati funso lenileni. Yankho lina lozolowereka ndi stara bieda, umphawi wakale womwe uja, ndipo pambuyo pake pamabwera msana, mitengo ya zinthu ndi boma. Apolishi eni amavomera kuti ndi odandaula, koma kudandaula pamodzi ndi njira yawo yochezera, ndipo wodzitama kuti zake zikuyenda amamuyang'ana cham'mbali. Akuluakulu amakumbukira zaka za m'ma 1980, pamene shuga ndi nyama zinkagulidwa ndi makuponi, anthu n'kumaima pamzere usiku osadziwa chimene chibwere m'sitolo. Wogulitsa wa nthawi imeneyo analibe chifukwa chomwetulira, pakuti wopempha anali kasitomala.

Pakhomo ndi dziko lina. Mlendo amavula nsapato pakhomo n'kupatsidwa masilipasi a m'nyumba, ndipo mbale yake siiloledwa kuuma. Akakana koyamba, mwini nyumba amangoti ndi ulemu n'kuwonjezera. Mwambi wawo umati mlendo akalowa m'nyumba, walowa ndi Mulungu. Usiku wa pa 24 Disembala banja limadikira nyenyezi yoyamba, n'kunyemerana kamkate kopyapyala kotchedwa opłatek uku akufunirana mafuno abwino, kenaka n'kudya zakudya khumi ndi ziwiri zopanda nyama. Pa tebulo pamaikidwa mbale imodzi yapadera ya munthu wapaulendo amene angagogode.

Mbale imeneyo inayesedwa mu Febuluwale 2022, Russia italowa mu Ukraine. Anthu mamiliyoni anawoloka malire, ndipo ambiri anagona m'nyumba za anthu wamba osati m'misasa. Pa siteshoni ya sitima ya Przemyśl amayi a Chipolishi anasiya timagaleta toyendetsera ana kuti amayi othawa nkhondo adzatenge. Pafupifupi miliyoni imodzi anakhazikika. Koma dziko lomwelo linakana kulandira gawo lake la othawa kwawo ochokera ku Syria ndi mayiko ena mu mgwirizano wa mu 2015, ndipo mu 2022 linamanga mpanda wachitsulo wa makilomita 186 m'malire ake ndi Belarus, kumene anthu ochokera ku Middle East ndi ku Africa akhala akufera m'nkhalango. Anthu akuda ndi ochepa m'dzikolo, ndipo kuyang'anitsitsidwa kapena kutukwanidwa kumachitika. Komabe John Godson wobadwira ku Nigeria analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2010, ndipo Killion Munyama wobadwira ku Zambia anasankhidwa kukhala phungu mu 2011. Apolishi nawo anakhalapo othawa kwawo mu Africa: kuyambira 1942, pafupifupi 18,000, ambiri amayi ndi ana opulumuka ku ukapolo wa ku Soviet Union, anasungidwa m'misasa monga ya Tengeru ku Tanganyika, Bwana Mkubwa, Lusaka ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata.

Za Ayuda

Chonena cholemera kuposa zonse n'chakuti Apolishi amadana ndi Ayuda. Apa mbali ziwiri zonse ndi zoona, ndipo imodzi siifafaniza inzake. Misasa yophera anthu monga Auschwitz ndi Treblinka inamangidwa ndi kuyendetsedwa ndi Ajeremani m'dziko limene analanda, n'chifukwa chake Apolishi amapsa mtima mlendo akaitchula kuti misasa ya Chipolishi. Nzika za Poland pafupifupi 6 miliyoni zinafa pa nkhondoyo, theka lake Ayuda. Kubisa Myuda kunali mlandu wa imfa, nthawi zina kwa banja lonse, monga zinachitikira banja la Ulma m'mudzi wa Markowa mu 1944, limene linaphedwa ndi ana omwe pamodzi ndi Ayuda amene linkawasunga. Ngakhale zinali choncho, Apolishi oposa 7,000 analemekezedwa ndi bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem chifukwa chopulumutsa Ayuda, chiwerengero choposa cha mtundu wina uliwonse.

Mbali inayo ndi iyi. Chidani chinalipo nkhondo isanayambe, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mayunivesite ena ankakhazika ophunzira Achiyuda pa mabenchi awoawo. Pa 10 Julayi 1941, m'tauni ya Jedwabne imene inali m'manja mwa Ajeremani, Ayuda mazana angapo anatenthedwa m'nkhokwe ndi anansi awo a Chipolishi. Pa 4 Julayi 1946, nkhondo itatha kale, Ayuda 42 anaphedwa ku Kielce. Mu 1968 boma la chikomyunizimu linayambitsa kampeni imene inathamangitsa Ayuda pafupifupi 13,000. Buku la Jan Tomasz Gross lonena za Jedwabne litatuluka mu 2000, dziko linagawanika, ndipo mu 2001 pulezidenti Aleksander Kwaśniewski anakapepesa pamalopo. Mkanganowo sunathe. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolanga wonena kuti mtundu wa Apolishi unatenga nawo mbali pa milandu ya Nazi, koma patangotha miyezi yochepa chilango cha ndende chinachotsedwamo mayiko ena atadzudzula.

Zimene amadzinena okha

Apolishi ali ndi chithunzi chawochawo chimene akunja sachidziwa kwenikweni. Amanyadira, mwamanyazi pang'ono, mawu akuti kombinować, amene ndi kupeza njira pamene njira palibe, kaya mwanzeru kaya mozembera lamulo. Mtundu umene kwa zaka zambiri lamulo linali la mlendo unaphunzira kuti kulizemba si tchimo, ndipo chizolowezicho sichinatheretu.

Amadzinenanso kuti ndi okonda mikangano, kuti Apolishi awiri akakumana maganizo amakhala atatu. Izi zili ndi mbiri yake. M'nyumba ya malamulo yakale munali lamulo la liberum veto, lolola phungu mmodzi yekha kuimitsa msonkhano wonse ndi kufafaniza zonse zimene wagwirizana. Linayamba kugwira ntchito mu 1652, ndipo mafumu oyandikana nawo anaona msanga kuti kugula phungu mmodzi n'kotchipa kuposa kutumiza asilikali. Mpaka lero ku Sweden msonkhano wachipwirikiti amautcha nyumba ya malamulo ya Chipolishi. Lamulolo linathetsedwa ndi malamulo oyendetsera dziko a pa 3 Meyi 1791, koma nthawi inali itatha, ndipo patangopita zaka zinayi dziko linafufutika.

Anthu omwewo amagwirizana modabwitsa zinthu zikafika pa mwana wakana phala. Solidarność, imene inayambira pa sitiraka ya pa doko lopangira zombo ku Gdańsk mu Ogasiti 1980 motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, mmisiri wa zamagetsi, inafika pa mamembala pafupifupi 10 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo pa 4 Juni 1989 inagonjetsa chipani cholamula pa chisankho. Lero dzikolo ndi logawanika kwambiri pa ndale, mizinda ikuluikulu mbali ina, midzi ndi matauni aang'ono a kum'mawa mbali ina, moti mabanja ena amapangana kuti pa tebulo la Khrisimasi ndale zisatchulidwe. Pa chisankho cha mu Okutobala 2023 anavota anthu 74 pa 100 alionse olembetsa, chiwerengero chachikulu kuposa zisankho zonse kuyambira 1989, ndipo m'dera lina la mzinda wa Wrocław mzere unatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha.